Nyenyezi Zoyenda si Mfiti

M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, ife a ku Kafue Estates tinayambanso kuona thambo monga tinali kulionera kumudzi paubwana. Mlalang'amba unaonekanso bwino lomwe. Koma mdimawo unadzanso ndi mantha. Tsiku lina madzulo tinyali tambiri tinadutsa m'mwamba mondondozana, popanda phokoso. Kutaca, mbiri inawanda yakuti zinali mfiti, ndipo ena anayamba kuchula dzina la mai wina wamasiye wa m'dera lathu.

Sabata lomwelo mdzukulu wanga, wophunzira za sayansi, anabwera ndi telesikopu yaing'ono ndi kamera yojambula mumdima, kuti aziyese. Poyamba anatseka kukamwa kwa telesikopu ndi civundikiro, najambula. Ndinadabwa kuona timadontho toyera pa cithunzico. Iye anati: "Agogo, izi si nyenyezi ai, ndi zolakwa za kamera yeniyeniyo. Tiyenera kuzidziwa ndi kuzicotsa, kuopa kunamizira thambo."

Kenaka anavundukula. Atajambula kwa sekondi imodzi, panaoneka nyenyezi zowerengeka cabe. Atalola kamera kuyang'ana kwa masekondi 30, cithunzi cinadzaza ndi nyenyezi zimene diso langa silinazionepo. Kamera imasonkhanitsa kuwala pang'onopang'ono, monga mtsuko wotsala panja usiku wa mvula yowaza. Kacipangizo koyamba ka mtundu umenewu, kochedwa CCD, anakatulukira Willard Boyle ndi George Smith m'caka ca 1969. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa cithunzi cina panali mzere woongoka wodula pakati pa nyenyezi. Imeneyo inali setilaiti, makina opangidwa ndi anthu ozungulira dziko. Ilibe nyali yakeyake: imaoneka dzuwa litangolowa kapena mbandakuca, cifukwa kutaliko dzuwa limakhala likuiwalirabe. Ikalowa mu mthunzi wa dziko, imazimirira. Yoyamba, Sputnik, inaulutsidwa m'caka ca 1957, ndipo dziko lathu linayamba kulankhula ndi maiko akutali kudzera m'makina otere pa siteshoni ya Mwembeshi mu 1974. Masetilaiti a Starlink, amene intaneti yake inafika m'Zambia mu 2023, amayenda mondondozana akangoulutsidwa kumene. Nazotu "mfiti" zathu zija.

Tinaonetsa zithunzizo kwa anansi. Ena anaseka, ena anaweramitsa mitu. Koma mai uja anali atagona kale masiku angapo ali ndi mantha, osapita ngakhale kumsika.

Abale anga, tisanaloze mnzathu cala, tiyambe tafufuza timadontho ta m'maso mwathu. Ndipo madzulo ena kukada, tulukani ndi ana anu, mudikire mphindi 20 kuti maso azolowere mdima, muwaonetse nyenyezi yoyenda, ndi kuwauza dzina lake lenileni.