Namwino wobwerera kuntchito: anenenji za zaka zomwe adakhala pakhomo?

Boma likalengeza kuti likulemba anamwino ndi azamba, si onse ofunsira amene angotuluka kumene kusukulu. Pamakhalanso ena odziwa kale ntchito, koma omwe CV yawo ili ndi zaka ziwiri, zitatu kapena zisanu zosalembedwa kanthu. Mpata umenewo ndi umene umawasowetsa tulo: aubise, aunamizire, kapena aufotokoze?

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri boma ngati la Mwanza. Chipatala chachikulu cha bomali chili pamsewu wa M6 wopita ku Tete, ndipo chimalandira odwala ochokera m'zipatala zing'onozing'ono za Thambani, Kunenekude ndi Tulonkhondo, kuphatikizapo ena odutsa malire kuchokera ku Mozambique. Namwino mmodzi wodziwa kuchiritsa amayi oyembekezera akakanidwa chifukwa cha mpata wa pa CV, amene amavutika ndi mayi wa ku Thambani.

Choyamba n'kuvomereza kuti mipata yambiri sichita kufuna kwa mwini wake. Anamwino ambiri omaliza maphunziro ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a CHAM amadikira nthawi yaitali boma lisanawalembe, chifukwa kulemba ntchito kumayendera ndalama zimene boma lapatula, osati kuchuluka kwa odwala. Ena ankalipidwa ndi mabungwe othandizidwa ndi dziko la America, ndipo ntchito yawo idatha mwadzidzidzi thandizolo litaimitsidwa mu Januwale 2025. Ena adasiya kuti alere ana, poti lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8 okha pa zaka zitatu zilizonse. Ena adapita kumudzi kukadwazika makolo. Enanso adakwera basi pachipata cha Mwanza kupita ku Joni, kumene adagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba za anthu kapena kugulitsa m'sitolo.

Palibe chochititsa manyazi pa zifukwa zonsezi. Komabe olemba ntchito ali ndi nkhawa yomveka. Unamwino ndi ntchito ya manja ndi maso, ndipo ndondomeko zake zimasintha. Amene adachoka m'chipatala 2019 isanafike adasiya odwala ambiri a HIV akumwa mankhwala ena, pomwe lero ambiri ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Amene sadali pantchito mu 2020 sadaone momwe Covid-19 idasinthira kapewedwe ka matenda m'mawodi. Amene adakhala pakhomo mu 2022 ndi 2023 adaphonya mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino. Choncho funso la oyesa pa intavyu silikhala lakuti “mudali kuti?” lokha ayi. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti manja anu akadali odalirika pa wodwala kapena ayi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ena amatalikitsa zaka za ntchito yakale kuti zitseke mpata. Ena amalemba zaka popanda miyezi, poganiza kuti palibe angazindikire. Koma anthu a zaumoyo m'Malawi muno amadziwana, ndipo foni imodzi kwa mkulu wa anamwino wa pachipatala chakale ndi yokwanira kuulula zonse. Namwino amasunga mankhwala oopsa ndi kulemba zimene dokotala adzadalire. Akagwidwa ndi bodza papepala, ndani angakhulupirire zimene walemba m'buku la wodwala?

Njira yabwino ndi kulemba mpatawo poyera, m'malo mwake pamndandanda wa zaka, ndi mzere umodzi kapena iwiri: mwezi ndi chaka chimene udayamba, chimene udatha, ndi chifukwa chake mwachidule. “Kulera ana.” “Kudwazika kholo.” “Kontrakiti idatha thandizo litaima.” Sipafunika kupepesa kapena kuulula matenda a m'banja. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, adatero akale, ndipo namwino wobisa zaka zake amadzitsekera yekha khomo.

Chachiwiri, alembe chilichonse chokhudza umoyo chimene adachita m'nthawiyo: masiku a lokamu pachipatala cha boma, kuthandiza pa katemera wa poliyo, kudzipereka m'misasa ya anthu ovutika ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023, kapena maphunziro a pa intaneti. Ntchito yosamalira nkhalamba ku Joni ailembe ndi dzina lake lenileni, osaitcha unamwino ngati sadalembetsedwe kumeneko.

Chachitatu, ndipo chachikulu, ndi chiphaso. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndilo limalola munthu kugwira ntchito ya unamwino, ndipo chilolezocho chimafuna kukonzanso komanso umboni wa maphunziro opitiriza, omwe anamwino amati CPD. Wobwerera ayambe wakonza zake ku bungweli asanatumize kalata kulikonse. Chiphaso chamoyo pamwamba pa CV chimayankha mafunso ambiri kuposa ndime yaitali yodzifotokoza.

Koma udindo usathere pa namwino yekha. Dziko lino lidachitapo kale zimenezi. Pansi pa ndondomeko yapadera ya 2004 mpaka 2010, boma ndi abwenzi ake adakweza malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti n'kuitana amene adachoka kapena kupuma kuti abwerere. Nthawi imeneyo mpata sudali mlandu, chifukwa m'mawodi mudali mopanda anthu. Lero mawodi akadali operewera.

Makhonsolo, amene tsopano ali ndi mphamvu pa zipatala za m'maboma, angathe kukonza miyezi ingapo yoti wobwerera agwire ntchito moyang'aniridwa ndi mnzake asanasiyidwe yekha usiku. Kutero n'kotchipa kuposa kuphunzitsa namwino watsopano kwa zaka zitatu kapena zinayi. Namwino anene zoona za kumene adali, ndipo olemba ntchito amuyese pa zimene angachite lero. Mayi amene wafika ku Kunenekude pakati pa usiku safunsa za CV. Amangofuna kupeza mzamba pakhomo.