LUSO LA MPIRA LIFUNA MTIMA WODEKHA

Anyamata omenya mpira ku Shimabala ali ndi citsanzo pafupi. Patson Daka anakulira ku Kafue, nasewera m'timu ya Kafue Celtic. M'caka ca 2017 anathandiza Zambia kutenga cikho ca Africa ca anyamata osapitirira zaka 20, ndipo mu 2021 anamwetsera Leicester City zigoli zinai pokumana ndi Spartak Moscow.

Luso lotere limadza ndi kubwereza: kuimitsa mpira, kupatsira ndi kuomba tsiku ndi tsiku, kufikira phazi litazolowera. Koma mwana wotukwanidwa akaphonya cigoli amayamba kuopa mpira, ndipo mantha amaumitsa miyendo. Cotero makolo ndi aphunzitsi adzudzule mofatsa, pakuti wosewera amaphunzira mwa kulakwa. Kuwongola mtengo mpoyamba.