Kalata kwa Bwanamkubwa wa Boma la Lilongwe: Tiphunzitse Anthu Njinga Zamagetsi Zisanafike

Wolemekezeka Bwana DC,

Ndikukulemberani kuchokera kuno ku Nsaru, kumene galimoto yathu ndi kabaza. Wodwala akafooka usiku, ndi njinga yamoto imene imamuthamangitsira ku chipatala cha Kabudula kapena ku St Gabriel's ku Namitete. Thumba la feteleza, mtedza wopita kumsika, ngakhale mphunzitsi wokatenga malipiro m'tauni, zonsezi zimakwera kabaza.

Pamene mafuta anasowa mu 2022, ndiponso chakumapeto kwa 2024, tinaona zakuda. Ndikukumbukira mnyamata wina wakabaza atakhala pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pabondo, akugwedeza njinga yake kuti amve ngati m'thanki mwatsala kadontho. Mavenda anali pomwepo ndi zigubu, koma mtengo wake unali wosayandikizika. Mayi wodwala amene ankafuna kumunyamula anabwerera kumudzi pangolo. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dontho lililonse la petulo linakhala ngati golide, pakuti mafuta timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe.

Anzathu anaona kale njira ina. Ku Kigali m'dziko la Rwanda, akabaza ambiri akuyendera njinga zamagetsi. Batire ikatha, amafika pamalo osinthira, n'kusiya yothayo, n'kutenga yodzaza, ndipo m'mphindi zochepa amakhala ali pamsewu. Dziko la Ethiopia linaletsa mu 2024 kulowetsa magalimoto ang'onoang'ono oyendera petulo ndi dizilo. Njinga zamagetsi zidzafika pamsewu wa M12, ndipo zidzadutsa pa Mpingu ndi pa Namitete. Funso langa ndi lakuti: zikadzafika, zidzapeza ndani wodziwa kuzilandira?

Sindikubisa, magetsi athu ndi operewera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tinakhala miyezi yambiri magetsi akuthimathima. Koma n'chifukwa chake nkhaniyi ikufunika anthu ophunzira bwino. Pamsika pano thiransifoma imodzi ndiyo ikudyetsa zigayo, owotcherera zitsulo, ometa tsitsi ndi mafiriji a m'magolosale. Munthu akalumikizapo mabatire makumi awiri popanda kuwerengetsa mphamvu yake, thiransifoma ikhoza kupsa, ndipo msika wonse ukhala mumdima. Batire yotchajidwa mwachisawawa m'kanyumba ka malata kotentha ikhoza kubuka moto wovuta kuzimitsa. Yakufa ikatayidwa kudzala, poizoni wake amatsikira m'nthaka mpaka kuzitsime.

Ndiye pempho langa lili patatu.

Choyamba, yambani ndi a m'nyumba mwanu. Ogwira ntchito ku khonsolo, oyang'anira misika, makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'madera (ADC) aphunzitsidwe kusankha malo abwino otchajirapo, kupereka chilolezo, ndi kulemba malamulo achitetezo. Malo a m'misika ali m'manja mwa khonsolo. Ikani nkhaniyi m'ndondomeko ya chitukuko cha boma lino, ndipo mafumu monga Gogo Chalo Kabudula ndi Gogo Chalo Kalolo akhalepo kuyambira tsiku loyamba, kuopa mikangano ya malo.

Chachiwiri, itanani a ESCOM ndi a MERA mukhale pansi. Amisiri a ESCOM ayendere Namitete, Mpingu, Nsaru ndi Kabudula, ayeze thiransifoma iliyonse, anene poyera kuti apa pangakwane mabatire angati. A MERA afotokoze za chiphaso ndi mtengo, kuti wakabaza asadzaberedwe. Kumene mawaya a magetsi a m'midzi a MAREP sanafike kapena ndi ofooka, dzuwa lilipo. Ku Salima kuli kale malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 kuyambira 2021, ndipo ku Golomoti magetsi a dzuwa amasungidwa m'mabatire. Zimenezi zingatheke pang'ono pang'ono padenga la shedi ya pamsika.

Chachitatu, tili ndi Namitete Technical College pakhomo pomwe. Kambiranani ndi a TEVETA kuti ana athu, anyamata ndi atsikana omwe, aphunzire kuika makina otchajira, kukonza mota yamagetsi ndi kusamalira mabatire. Amakanika a pansi pa mtengo, amene lero akukonza njinga zapetulo, nawonso apatsidwe maphunziro afupiafupi kuti asadzataye mpamba wawo. Tonse taona mijigo ndi mapampu a sola atangoima chifukwa wodziwa kukonza ali ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko. Zisabwerezedwe.

Sindikupempha zambiri nthawi imodzi. Yambani ndi malo amodzi pa Namitete, mukhale limodzi ndi bungwe la akabaza, muone zovuta zake, kenako mufike ku Nsaru. Akulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Bwana, makina tidzagula, koma nzeru yowagwiritsira ntchito iyenera kubzalidwa lero. Itanani msonkhano woyamba chaka chino chisanathe.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Nsaru, Lilongwe