Filimu idapatsa Muidinga kolowera, nkhondo sidapatse munthu aliyense

Olemba a ku America akafuna kuonetsa dziko litaphwasuka, amathawira ku nkhani za m'tsogolo. Cormac McCarthy adatero mu 2006 m'buku la The Road, momwe bambo ndi mwana wake akuyenda mumsewu wa phulusa lokhalokha, ndipo mu 2009 bukulo lidasanduka filimu. Ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano ku Mozambique, nkhani yotere si ya m'tsogolo. Akuluakulu amene lero akulima kachewere m'mapiri ozizirawo adauyenda msewu umenewo ndi mapazi awo, ana kumbuyo, mitolo pamutu, kuthawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Pomwe Frelimo ndi Renamo ankasainira mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, n'kuti Malawi akusunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi.

Chaka chomwecho Mia Couto, mbadwa ya ku Beira, adatulutsa Terra Sonâmbula, kutanthauza dziko loyenda lili m'tulo. Nkhalamba Tuahir ndi mnyamata Muidinga, yemwe matenda adamuiwalitsa kwawo ndi dzina lake, abisala m'basi yopserera. Pambali pa mtembo apeza sutikesi, m'katimo muli makope olembedwa ndi munthu wina dzina lake Kindzu, ndipo usiku uliwonse mnyamatayo amawerengera mkuluyo. Mu 2007 Teresa Prata wa ku Portugal adatulutsa filimu ya dzina lomweli.

Filimuyo ndi yokongola, koma idalakwira bukulo pamtima penipeni.

M'buku, awiriwa alibe kopita. Amachoka pabasi, nazungulira m'tchire, nabwerera pabasi pomwepo. Chimene chimayenda ndi dziko: akadzuka m'mawa apeza mitengo ya dzulo palibe, malo asintha. Zoti Muidinga angakhale Gaspar, mwana wotayika amene Farida, mayi wa m'makope a Kindzu, akumulira ali m'sitima yotitimira pafupi ndi gombe, Couto amazisunga mpaka tsamba lomaliza, ndipo ngakhale pamenepo zimadza m'maloto a Kindzu. Prata adatenga chinsinsi chimenechi n'kuchisandutsa chiwongolero cha nkhani yonse. Mnyamata wa m'filimu akhulupirira msanga kuti mayi wa m'makopeyo ndi mayi ake, nanyamuka kukawafuna kunyanja. Woonera amapuma, chifukwa akudziwa komwe ulendo ukulowera.

Mpumulo umenewu ndiwo vuto. Wothawa nkhondo sankadziwa ngati agona kumunda kapena kuphanga, ngati amene akubwera usiku ndi asilikali a boma kapena matsanga a Renamo, ngati mwana wotsala kumbuyo adzaonekanso. Ambiri sadaonekenso. Buku limamusiya wowerenga m'chimbuuzi chomwecho kwa mitu 11 ndi makope 11, ndipo n'chifukwa chake limanena zoona kuposa kamera.

Palinso zimene maola osakwana awiri sangasenze. M'bukumo muli Junhito, mng'ono wa Kindzu, wotchedwa dzina la tsiku la ufulu, 25 Juni, yemwe makolo adamubisa m'khola la nkhuku mpaka adayamba kusanduka nkhuku. Muli Estêvão Jonas, mkulu wa boma ku Matimati, amene amalemerera pa thandizo la anthu anjala. Muli Chipwitikizi chimene Couto amachipinda ngati nsungwi, kupanga mawu amene mtanthauziramawu sawadziwa. Aliyense amene adaimapo pamzere wa ufa kumsasa wa othawa amamudziwa Estêvão Jonas ngakhale sadawerengepo tsamba limodzi.

Ena adzati filimu imafika kwa osadziwa kuwerenga. Mfundoyo ndi yomveka, ndipo nkhope ya Aladino Jasse, yemwe adasewera Tuahir, imanena zambiri popanda mawu. Koma filimuyo nayo ili m'Chipwitikizi, pomwe agogo a ku Ntengo-Wambalame amalota ndi kulira m'Chinyanja. M'tinyumba toonetsera mafilimu m'misika ya m'malire ngati Lizulu, anyamata amaonera nkhondo za ku Hollywood zomasuliridwa m'Chichewa, osadziwa kuti nkhondo ya makolo awo idalembedwa m'buku limene akatswiri a chionetsero cha mabuku ku Zimbabwe adaliika pa mabuku 12 opambana a mu Africa m'zaka za m'ma 1900.

Amene adzayambe kumasulira Terra Sonâmbula m'Chinyanja ayambire pa buku, kenaka aliwerenge pa wailesi madzulo, kope limodzi usiku uliwonse, monga Muidinga ankawerengera Tuahir m'basi muja.