Matalala akaswa denga, alipira ndani?

Alimi anzanga, mvula yoyamba imene timaidikira ndi mtima wonse ndiyonso imagwetsa madenga athu. Chizimalupsa chikangodutsa, mu November ndi December kumabwera mvula ya mabingu, mphepo yamkuntho ndi matalala, ndipo mmawa mwake munthu umapeza malata ali m'munda mwa mnzako. Walira mvula walira matope, inde, koma matope ake a masiku ano akudula kwambiri.

Chimene chimandiwawa ine ndi nthawi yake. Denga limasasuka pamene ndalama ya fodya kapena ya soya idatha kale, yotsala yapita ku feteleza ndi mbewu, aganyu opalira akudikira. M'nyumba momwemo ndi mmene muli matumba a feteleza wobereketsa ndi chimanga chodya ana mpaka April. Zikanyowa izi, mwaluza kawiri. Basi munthu amagulitsa mbuzi motchipa kapena kuthamangira kwa akatapila.

Powerengera zokonza, ambiri timangofunsa mtengo wa lata limodzi n'kuchulukitsa. Koma pali misomali, malata opinda a pamsonga, matabwa amene athyoka kapena apezeka kuti adadyedwa kale ndi chiswe, mayendedwe kuchokera ku tauni, ndi malipiro a kalipentala, amene pa nyengo yotere amafunidwa ndi mudzi wonse ndiye salola kunenerera. Chitsulo chopangira malata chimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mtengo umakwera sabata yomweyo. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023.

Pamenepa ndiye pali msampha kwa amene adalowa inshuwalansi. Mapepala ambiri ali ndi ndime yotchedwa average. Tiyerekeze kuti nyumba yanu, kuimanganso lero, ingadye K20 miliyoni, koma inu mukulipirabe inshuwalansi ya K10 miliyoni imene mudalembetsa kwacha isanagwe. Matalala aononga denga, kukonza kukufuna K2 miliyoni. Kampani idzati inu mudateteza theka lokha la nyumbayo, choncho idzakupatsani K1 miliyoni. Pa ndalamayonso adzachotsapo ina yotchedwa excess, imene ndi gawo loyamba la chionongeko limene mwini nyumba amasenza yekha. Palibe chakuba apa, zonse zidalembedwa. Koma zidalembedwa m'Chingerezi cha maloya, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo amene adabwera kudzakulembetsani anali pa changu chofuna kuti musayine.

Funsaninso ngati pepala lanu likutchula mphepo ndi matalala. Inshuwalansi ya moto payokha si ya mvula. Ngozi zinazi nthawi zambiri zimaonjezeredwa ndipo zimakweza ndalama yolipira. Malata amene angobonyoka koma sakudontha, kampani ikhoza kukana kuwasintha. A dzimbiri, kapena matabwa a chiswe, adzati ndi kukalamba kwa nyumba osati ngozi. Denga la udzu, monga zigafa zathu za fodya wa bale, makampani ambiri salifuna kapena amalitchaja zokwera chifukwa cha moto. Fodya ali m'munda naye ali ndi inshuwalansi yakeyake, yosiyana ndi ya nyumba.

Ngozi ikagwa, musayambe n'kukhoma. Jambulani zithunzi ndi foni tsiku lomwelo, kunja ndi m'kati, pamodzi ndi katundu amene wanyowa. Dziwitsani kampani msanga ndipo sungani umboni wakuti mwawadziwitsa, pakuti pepala lanu lili ndi masiku ake oyenera kutero. Fundikani pepala lapulasitiki kuti mvula isapitirize kuononga, sungani lisiti yake, ndipo malata oonongekawo musawagulitse kwa okhoma mbaula mpaka wodzayendera wa kampani atawaona. Tengani mitengo yolembedwa kwa amisiri awiri kapena atatu. Akakuzengerezani popanda chifukwa, dandaulo lipite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene ndiye amayang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno.

Ena adzati zonsezi ndi za eni maesiteti. Ine ndikukana. Mu 2005 alimi a mtedza a m'makalabu a NASFAM, mothandizidwa ndi World Bank, adayamba kugula inshuwalansi ya chilala yoyendera mvula yoyezedwa pa malo monga Chitedze ndi Kasungu. Inali ya chilala, osati ya matalala kapena madenga, koma idaonetsa kuti mlimi wamng'ono akhoza kufikiridwa kudzera m'gulu lake. Chikuletsa n'chiyani kuti kopaletivi iteteze nyumba yake yosungiramo zokolola, ndi nyumba za malata za mamembala ake, pa pepala limodzi lomasuliridwa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka? Makampani amati kuyendera nyumba imodzi imodzi kumudzi n'kodula. Nanga nyumba makumi asanu za m'dera limodzi?

Pakadali pano, inshuwalansi yoyamba ndi mmene mwakhomera dengalo. Pa geji ya malata, nambala ikamakwera lata limapyapyala: la 32 ndi lopyapyala kuposa la 28, ndipo ndilo limayamba kubonyoka ndi kung'ambika pa msomali. Ndaona nyumba zokongola za njerwa zootcha zimene denga lake lidangosanjikidwa n'kupsinjidwa ndi miyala pamwamba. Matabwa a denga amangiriridwe ku khoma ndi waya wolimba wolowa pansi pa mizere ingapo ya njerwa, misomali ikhomedwe pa msana wa lata osati m'ngalande, ndipo m'mphepete ndi m'ngodya, mmene mphepo imayambira kukanganula, muchulukitse misomali. Ntchito imeneyi ichitike mu September, kalipentala asanayambe kudula.