ZA PAKHOMO PATHU: Tigule PlayStation Kapena Kompyuta?

Mwezi uno ndati tikambirane nkhani imene yayamba kusemphanitsa makolo ndi ana awo, ndiponso nthawi zina bambo ndi mayi m'nyumba imodzi. Aliyense woyenda m'makomboni a mzinda wathu wa Chipata, kaya ndi ku Kapata, ku Mchini kapena ku Navutika, anationapo timashopu tija ta chinsalu pakhomo, m'mene anyamata amapanikizana pa benchi, maso ali dwii pa TV, zala zili kalikiliki pa kachipangizo ka mabatani. Amalipira makwacha owerengeka kuti amenye mpira wa pakanema, wina atasankha Arsenal, mnzake Real Madrid. Makina oyendetsa zonsezi kawirikawiri amakhala PlayStation, ndipo n'kovuta kupeza mnyamata wa m'tauni muno amene sadziwa dzina limeneli.

Mkangano umabuka banja likapeza kandalama, mwina atagulitsa soya kapena fodya, mwinanso pamene amalume a ku Lusaka kapena a ku Johannesburg afunsa kuti ana awatengere chiyani pa Khirisimasi. Mwana amati PlayStation. Bambo amati zimenezo n'zachibwana zopha nzeru. Mayi amati bola chinthu chomusunga mwana pakhomo kusiyana n'kuti azikasowa mpaka mdima. Wina akati, "Nanga bwanji osagula kompyuta?" mwanayo amayankha mwachangu kuti, "Atate, PlayStation nayonso ndi kompyuta."

Mwanayo sakunama. Kampani ya Sony inatulutsa PlayStation yoyamba ku Japan mu December 1994, ndipo yachiwiri, ya m'chaka cha 2000, inagulidwa yoposa 150 miliyoni pa dziko lonse. M'kati mwa bokosi limeneli muli ziwalo zomwezo zimene zili m'kompyuta ya ku banki: chiwalo chowerengera, chiwalo chokumbukira ndi mosungira zinthu. Mphamvu zake si zamasewera ayi. M'chaka cha 2010 akatswiri a asilikali a m'mlengalenga a ku America analumikiza ma PlayStation 3 okwana 1,760 n'kupanga kompyuta imodzi yamphamvu kwambiri yowathandiza pa kafukufuku wawo, chifukwa anaona kuti njira imeneyi inali yotchipa kusiyana n'kugula makina opangidwira ntchitoyo.

Koma mvetserani zimene zinachitika chaka chomwecho. PlayStation 3 yoyambirira inkalola mwini wake kuikamo Linux, pulogalamu yaulere imene imasandutsa bokosilo kukhala kompyuta yolembera, yowerengera ndi yophunzirira. Mu April 2010 kampani inatumiza kusintha kumene kunatseka khomo limeneli, ngakhale pa makina amene anthu anali atagula kale ndi ndalama zawo. Wokana kusinthako ankataya mwayi wosewera ndi anzake pa intaneti. Apa ndiye pagona kusiyana konse kwa makina awiriwa: makina a masewera ndi kompyuta yokhoma, ndipo kiyi wake amasunga ndi amene anaipanga. Sachita izi mwangozi. Makampani oterewa nthawi zambiri amagulitsa bokosilo ndi phindu lochepa, mwinanso moluza, podziwa kuti ndalama zenizeni adzazipeza pa masewera amene mudzakhala mukugula chaka ndi chaka. Bokosi lolola mwana kupanga zake silingawapindulire.

Ife a ku Chipata tiyenera kuimvetsa msanga nkhani imeneyi, pakuti ndife anthu a njinga. Mnyamata amene ali ndi njinga amaphunzira kumata chubu, kumanga masipoko, kuthira mafuta m'tcheni, ndipo ena mwa okonza njinga amene timawaona m'mbali mwa msewu anayambira pomwepo. Tsono taganizani njinga yokongola, yothamanga, koma yowotcherera paliponse moti simungamasule ngakhale nati imodzi, ndiponso yongoyenda msewu umodzi wopita ku sitolo ya amene anakugulitsani. Mwana angakwere njinga yotere zaka zisanu osadziwa chimene chimazungulitsa gudumu.

Si ife tokha amene tikuda nkhawa. Ku yunivesite ya Cambridge, ku England, aphunzitsi ena, mmodzi mwa iwo Eben Upton, anaona kuti achinyamata ofuna kuphunzira za makompyuta akuchepa, ndiponso obwerawo sadziwa zambiri ngati anzawo a m'zaka za m'ma 1990. Akale aja anakulira pa timakompyuta tosauka timene munthu ankayenera kutilembera malangizo yekha kuti tichite kanthu. Atsopanowa anakulira pa makina okongola ongofuna kudina. Pofuna kukonza zimenezi anapanga kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kokwana m'chikhatho, kamene kanayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2012 pa mtengo wa madola 35. Yerekezani ndi PlayStation 5 imene inatuluka m'chaka cha 2020 pa madola 499. Ngati dziko lolemera chotero linaona kuti ana ake akusanduka ongodya zophikidwa ndi ena, nanga ife?

Kwathu kuno vutoli lili ndi nkhope ina, yowawa kwambiri. Boma litasintha maphunziro m'chaka cha 2013, phunziro la Computer Studies linalowa m'makalasi a Giredi 8 ndi 9, ndipo mayeso ake oyamba analembedwa m'chaka cha 2015. Makolo ambiri akukumbukira zimene zinachitika. M'masukulu ochuluka makompyuta anali owerengeka, magetsi ankazimazima, ndipo ana ena anadikira pamzere mpaka usiku kuti mpata wawo ufike. Panali ana amene anaphunzira za kiyibodi poiona itajambulidwa ndi choko pa bolodi. Mwana wa ku mudzi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi analemba mayeso amodzimodzi ndi mwana wa ku Kabulonga amene anabadwa kompyuta ili pa tebulo. Zinthu zasinthako m'malo ena kuchokera nthawi imeneyo, koma mpaka lero mwana amene ali ndi kompyuta pakhomo, ngakhale yakale, ali patsogolo pa anzake ndi mtunda wautali.

Chilala cha 2024 chinationetsanso kanthu kena. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ofika 21 pa tsiku. Komabe m'timashopu tina ta masewera jenereta inkalira, kapena batire ya sola inkagwira ntchito, chifukwa mwini wake ankadziwa kuti makwacha a anyamata sadzalephera kubwera. Sindikuwadzudzula eni timashoputi. Nawonso akufunafuna ya ndiwo, ndipo ambiri ndi achinyamata amene anamaliza sukulu n'kusowa ntchito. Ndikungoti n'zomvetsa chisoni kuti m'makomboni mwathu muli ana ambiri amene zala zawo zimadziwa mabatani onse a PlayStation pamtima, koma sanalembepo dzina lawo pa kompyuta.

Tsono ndisamveke ngati ndikuti kusewera ndi tchimo. Agogo athu amene lero akudandaula za zidzukulu ndi omwewo amene ankaswera pansi pa mtengo akusewera nsolo, mpaka agogo aakazi kutumiza mwana kukawaitana nsima itazizira. Munthu analengedwa ndi mtima wofuna kusewera, ndipo m'masewera apakanema muli kuganiza mwachangu, kupirira ukagonja ndi kucheza ndi anzako. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza m'chaka cha 2019 kuti kumwerekera ndi masewerawa kungathe kukhala matenda, koma linafotokoza bwino malire ake: munthu akhale akulephera kudziletsa, masewera akhale atalanda malo a zinthu zina zofunika pa moyo wake, apitirizebe ngakhale akuona kuti zikumuwononga, ndipo kawirikawiri izi zikhale zitatenga miyezi 12. Bungwe lomwelo linanenanso kuti ndi ochepa chabe mwa osewera amene amafika pamenepa. Mwana wosewera Loweruka masana atamaliza kutunga madzi ndi kulemba ntchito ya kusukulu sakudwala ayi. Amene tiyenera kumuyang'anitsitsa ndi uja wayamba kujomba kusukulu, kubisa chenji ya mchere, ndi kukalipa ngati mkango akamuitana kudzadya.

Ife Akatolika tili ndi chitsanzo chatsopano pa nkhani imeneyi. Pa 7 September 2025 Papa Leo XIV analengeza kuti Carlo Acutis ndi woyera. Mnyamatayu anabadwira ku London m'chaka cha 1991, anakulira ku Milan m'dziko la Italy, ndipo anamwalira ndi khansa ya m'magazi pa 12 October 2006 ali ndi zaka 15 zokha. Mayi ake, Antonia Salzano, amasimba kuti Carlo anali ndi PlayStation ndipo ankaikonda, koma anadziikira yekha lamulo losewera ola limodzi pa sabata. Ambiri akamalalikira za iye amathera pa ola limodzilo, ngati kuti chiyero chake chinali kusasewera. Kwa ine chofunika kwambiri ndi chimene ankachita ndi maola otsalawo. Anadziphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta, anathandiza parishi yake ndi sukulu yake pa ntchito za intaneti, ndipo anasonkhanitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia za m'mayiko osiyanasiyana, ntchito imene yaonetsedwa m'maparishi ambirimbiri pa dziko lapansi. Ntchito imeneyi sakanaichita pa PlayStation. Anali ndi makina onse awiri, ndipo anadziwa kuti ena ndi opumulira, ena ndi khasu.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene ndikupempha makolo kuti asachinyengerere, ndicho masewera amene asanduka njuga. M'sewero la mpira lija linkatchedwa FIFA, limene kuyambira 2023 likutchedwa EA Sports FC, muli gawo limene munthu amagula phukusi la osewera asakudziwa kuti mutuluka yani. Akuluakulu oona za njuga ku Belgium anagamula m'chaka cha 2018 kuti maphukusi otere ndi njuga, ndipo mu January 2019 kampaniyo inasiya kugulitsa ndalama za m'sewerolo m'dziko limenelo. Kwathu kuno njugayi imabwera m'njira yosavuta: anyamata awiri amaika makwacha pa benchi, wopambana atenge zonse. Kuchoka pamenepo kufika pa kubetcha pa foni ya mayi, kapena pa kandege kaja kamene kamakwera n'kuthawa ndi ndalama za anthu, si patali. Mwana akayamba kunena kuti "ndibweza mawa", dziwani kuti nkhani yasiya kukhala ya masewera.

Maganizo anga tsono ndi awa: banja limene lingathe kugula chinthu chimodzi chokha ligule kompyuta, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Mwana adzanyinyirika sabata yoyamba, koma adzapeza kuti masewera amalowamonso, ndipo pambali pa masewerawo pali khomo lotsegula. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Scratch, imene inapangidwa ku yunivesite ya MIT ku America n'kutulutsidwa m'chaka cha 2007, yothandiza ana kupanga timasewera tawotawo polumikiza malangizo ngati njerwa, ndipo ikalowetsedwa m'kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Muuzeni mwanayo kuti apange nsolo ya pakompyuta imene angasewere ndi agogo ake; mudzamuona akufunsa masamu amene aphunzitsi akhala akumukakamiza chaka chonse. Mpatseninso ntchito yolemba ndalama za fetereza ndi za mbewu, kapena mndandanda wa owerenga mawu pa Misa ya mphakati wanu.

Ikani kompyutayo pabalaza pamene aliyense akuiona, osati kuchipinda. Ndipo inu atate, chenjerani ndi ichi: m'timashopu ta masewera tija simupezamo atsikana kawirikawiri, choncho makina akafika pakhomo, mnyamata amawatenga ngati cholowa chake pamene mlongo wake ali kumbuyo kwa nyumba akutsuka mbale. Mayeso a kusukulu safunsa kuti anatsuka mbale ndani. Gawani maola molingana, ndipo mnyamatayo naye akagwire nkhuni.

Mabanja ambiri sangakwanitse ngakhale kompyuta yakale, ndipo apa ndi pamene ndikuyang'ana ku maparishi athu. Tili ndi maholo amene amakhala okhoma kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ena ali ndi magetsi, ena ndi sola. Tili ndi akhristu ogwira ntchito m'maofesi amene makompyuta awo akale akungodya fumbi m'makabati. Makina asanu, mphunzitsi mmodzi wodzipereka ndi wa komiti wosunga kiyi n'zokwanira kuti ana makumi angapo agwire kiyibodi asanalowe m'chipinda cha mayeso. Bungwe la parishi limene limatha kusonkhetsa ndalama za yunifolomu ya kwaya silingalephere kugula batire.

Kwa amene mwatsimikiza mtima kugula laputopu yakale, musapite nokha. Tengani munthu woidziwa. Iyatseni pomwepo pasitolo, ichotseni ku magetsi ndipo muone ngati batire ikupirira kwa kanthawi ndithu, pakuti kwathu kuno laputopu yopanda batire yabwino ndi mtolo chabe. Dinani batani lililonse, yang'anani galasi ngati lilibe mizere, onetsetsani kuti chaja ndi yakeyake ndiponso kuti mwini wakale sanasiyemo mawu achinsinsi okhomera. Funsani lisiti yolembedwa nambala ya makinawo, kuopa kugula katundu wakuba.