CHENJEZO KWA ENI NDI OYENDETSA GALIMOTO ZAKALE

Ngati galimoto yanu imanjenjemera mukaima pa maloboti, kutsokomola mukaponda mafuta, kapena kuzima yokha mukachepetsa liwiro, musanyamulenso anthu mpaka ionedwe.

Mabuleki a galimoto ya petulo amafewa chifukwa cha mpweya umene injini imakoka ikamalira. Injini ikazima, mphamvu yotsala ndi yoti muponde kamodzi kapena kawiri basi, kenako buleki amauma ngati mwala, ndipo chiwongolero chimalemera. Izi zikakuchitikirani potsika Thabwa kulowera ku Chikwawa, pa Chiweta kapena m'makhotakhota a Golomoti, nthawi yoganiza imakhala palibe. Pa chifukwa chomwechi, musazimitse injini pamtsetse pofuna kusunga mafuta.

Injini yabwino ikatentha galimoto ili chiimire, muvi woonetsa kaliridwe kake umakhazikika pakati pa 600 ndi 900 popanda kudumphadumpha. Ukayamba kukwera ndi kutsika wokha, onani zinthu izi, kuyambira zotsika mtengo.

Choyamba, mafuta. Petulo wa m'zigubu amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, ena amamusakaniza ndi palafini, ndipo amalowa madzi ndi zinyalala. Petulo wathu amakhala ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi akasungidwa m'chigubu chosatsekeka bwino. Ngati vuto layamba mutangothira mafuta otere, khuthulani thanki, sinthani fyuluta ya mafuta. Gulani pa malo omwetsera mafuta ovomerezeka ndi bungwe la MERA.

Chachiwiri, fyuluta ya mpweya. Fumbi la chilimwe limaitseka msanga. Ichotseni muiyang'anitse ku dzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, gulani ina. Musayende popanda fyuluta, fumbi limadya injini mkati.

Chachitatu, mapulagi ndi makoyilo. Pulagi imodzi ikafa, injini ya masilinda anayi imayendera atatu. Pulagi yakuda mwaye ikusonyeza kuti petulo akuchuluka, yonyowa ndi oyilo ikusonyeza kuti injini yatha mkati.

Chachinayi, mapaipi a raba. Ma Corolla, ma Probox ndi ma Sienta ambiri amafika kuno kudzera ku Dar es Salaam atayenda kale zaka zambiri, ndipo raba wake amakhala atauma. Tsegulani boneti injini ikulira, mumvetsere kaphokoso ka mpweya wolowa pong'aluka. Samalani kwambiri paipi yopita ku mabuleki: ikang'aluka, injini imanjenjemera ndipo buleki amauma nthawi imodzi.

Chachisanu, pakhosi polowera mpweya m'injini pamamata mwaye. Patsukidwe ndi mankhwala ake, osati madzi.

Nyali yooneka ngati injini pa dashibodi ikamathwanima, imikani galimoto pamalo abwino. Petulo wosapsa akukapsera mu ekizozi, ndipo kutentha kwake kumatha kuyatsa udzu wouma pansi pa galimoto. Pitani kwa makaniko amene ali ndi kachipangizo kowerengera kompyuta ya galimoto.

Kanani njira zachidule. Wina akakuuzani kuti angokweza kaliridwe ka injini kuti isamazime, kapena achotse babu la nyali ija, akungokuphimbirani chilonda. Musalole kugulitsidwa chipangizo chilichonse asanakuonetseni kuti chakalecho chafadi. Musayese injini m'galaja yotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali chikhalire.

Inu a taxi ndi ena oyendetsa galimoto za mabwana anu, nenani vuto lero lomwe, musadikire kuti ndalama ya tsiku ikwane kaye. Inunso okwera, mukaona dalaivala akuponderera mafuta pa siteji iliyonse kuti injini isazime, mufunseni, ndipo akapanda kuyankha zomveka, tsikani. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mtengo wa mapulagi anayi ndi paipi ya raba sungafanane ndi moyo wa anthu amene mwanyamula.